Maswiti a M'thumba la Amalume

Amalume anga a Sakala anatsala ndi mano owerengeka m'kamwa, ndipo amati ndinawagulula ndine. Akakhala pakhonde la shopu ya pa mphambano yolowera ku Mpanshya, amayasamulira aliyense wodikira basi nkumati, "Onani nchito ya mphwanga iyi!" Anthu amaseka, inenso ndimaseka nawo, chifukwa sakunama kwenikweni. Nkhani yake inachitikira ku Botswana, kumene tinakamanga nyumba za eni ake zitangotha zaka zija za chilala, tikudya nsima ya chimanga chachikasu.

Ine matenda a shuga anandigwira ndili mnyamata wa pasukulu. Si aja ogwira akuluakulu onenepa ayi, koma enawa oti thupi lasiyiratu kupanga insulini, ndiye munthu umadzibaya jakisoni m'mawa ndi madzulo moyo wako wonse. Ndinaonda mpaka kabudula kumavuka yekha, madzi ndikumwa osakhuta. Atate anali atamwalira kale, choncho amayi ndiwo anabwereka njinga nkundiperekeza ku chipatala cha mishoni.

Sisitere amene anandiphunzitsa kudzibaya anatiuza zinthu ziwiri. Choyamba, shuga wa mu tiyi ndi zakumwa zotsekemera ndizisiye. Amayi anamva zimenezo, nagwedeza mutu mwamphamvu, kenako anakumbuka kuti asiya phala pamoto kukhitchini ya odikirira odwala, nkuthamangira komweko. Chachiwiri ndinachimva ndekha. Sisitere anati jakisoni akapambana chakudya, kapena ndikagwira ntchito yolemetsa ndisanadye, shuga wa m'magazi amatsika kwambiri, ndipo munthu atha kukomoka nkufa. Zikatero chondipulumutsa ndi chotsekemera chomwecho, tsono ndisamayende opanda maswiti m'thumba.

Phala lija linandivutitsa zaka zambiri. Kunyumba amayi anatsomeka paketi ya shuga m'denga la udzu, nalamula kuti banja lonse lizimwa tiyi wosatsekemera kuti ine ndisasirire. Atapeza maswiti pansi pa pilo wanga analira ngati ndaba mbuzi ya munthu, nakawataya m'chimbudzi. Ndinayesa kuwafotokozera, koma iwo anati, "Ninamvera na matu yanga ine, sisita anakamba kuti shuga ni poizoni kuli iwe." Ndinaona kuti kubisa nkosavuta kusiyana ndi kutsutsana ndi amayi, ndiye ndinkangobisa m'sokosi.

Amalume ndi mlongo wawo wamng'ono wa amayi, mmisiri womanga nyumba, ndipo ndiwo anandiphunzitsa kuyala njerwa. Anali atagwirapo kale ntchito ku Francistown, nabwerako ndi wailesi komanso jekete lakuda limene sankalivula ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ndi mkulu wa mpingo, samwa, sasuta, ndipo akalonjeza chinthu ndiye chatha. Atanena kuti kampani yawo ikufuna amisiri ena, amayi anakana sabata yathunthu, kenako anavomera atayang'ana m'nkhokwe.

Tsiku lonyamuka anandipereka monga mwa mwambo. Pamaso pa abale onse anagwira dzanja langa nkuliika m'dzanja la amalume.

"Atake Joyce, uyu nakupatsani wamoyo, mukanibwezere wamoyo," anatero amayi. "Nyeleti ya jakisoni azilasa yeka, iyo adziwa. Koma shuga! Ni kawalala wa maswiti uyu. Mukamuona nayo mulandeni, olo alire bwanji."

"Mulongosi, osada nkhawa," anayankha amalume. "Olo kamodzi sazalawa."

Ine mumtima ndinangoti ndapsa.

Basi isanadutse ndi pa Chinyunyu pomwe, amalume anamva kapepala kakulira m'sokosi mwanga. Anatambasula dzanja. Ndinawauza mwaulemu kuti amenewo ndi mankhwala anga.

"Na chakolwa chimakamba kuti mowa ni mankhwala," anatero. "Leta kuno."

Mwana wa mlongo sungapisile dzanja m'thumba la amalume ako, ndipo sungawakweze mawu m'basi modzaza anthu. Ndinapereka. Iwo sanadye, komanso sanataye, poti amati kutaya chakudya ndi tchimo. Anawaponya m'thumba la jekete nati akapatsa mwana wawo Joyce tikadzabwerera.

Katundu wanga wamkulu pa ulendowo anali kamtsuko kadothi. Insulini safuna kutentha, ndipo kwathu firiji tinkangoionera kuchipatala. Sisitere anandiphunzitsa kuthira mchenga wonyowa m'kamtsuko, kukwiriramo timabotolo, nkuvindikira ndi kansalu konyowa. Malinga mchenga usaume, mkatimo mumazizira bwino. Ndinakafukata pamiyendo kuchokera ku Lusaka mpaka ku Kazungula. Pamene tinkawoloka Zambezi pa pantoni, ndinatunga madzi ndi kapu nkukamwetsa kaye iko, ine pambuyo. Woona za katundu kutsidya anasuzumiramo, naona mchenga, nandiyang'ana ngati ndanyamula zithumwa. Nditafukula kabotolo nkumuonetsa khadi la kuchipatala, anaseka mpaka kuitana anzake kuti adzaone firiji ya ku Zambia.

Ku Francistown tinkagona m'chinyumba cha malata kuseri kwa yadi ya kampani, ife a ku Zambia, a ku Malawi ndi a ku Zimbabwe, aliyense ndi kabedi kake ndi msomali wopachikapo zovala. Masana malata aja ankatentha moti ukanatha kukazingirapo mtedza. Kamtsuko kanga ndinakakumbira kadzenje pansi pa mtengo, ndipo ndinkakathirira madzi ndisanasambe nkomwe. Anzanga ataona chisamaliro chimenecho anakapatsa dzina loti Madamu. "Madamu agona bwanji?" "Madamu amwa kale madzi?" Tikamasamukira ku ntchito ina, dalaivala wathu Kabelo, Mtswana wonenepa wokonda kuseka, ankatsitsa munthu pampando wakutsogolo kuti Madamu akhale pamthunzi. Ine mwini wake ndinkakwera kumbuyo pa matumba a simenti.

Ndinasangalala nazo zaka zimenezo, ndisaname. Nyama inali yosasowa, malipiro ankabwera pa nthawi yake, ndipo Loweruka tinkamenya mpira ndi anyamata a kampani ina mpaka fumbi kobo. Zimene ndinkatumiza kudzera kwa madalaivala a malole zinagula malata, ndipo amayi anafolera nyumba. Shuga wanganso ndinamuzolowera. Ku kiliniki ya m'tauni ankandipatsa timabotolo ndi timapepala toyezera mkodzo. Tsiku lothira konkire ndinkachepetsako jakisoni monga anandilangizira, ndipo chapakati pa m'mawa ndinkagula magwinya, zitumbuwa za ufa wa tirigu za kumeneko, kwa mayi wina wa pageti. Amalume ankayamba alumako kaye kuti amve ngati muli shuga wambiri, ndipo kuluma kwawo kunali kwa theka lathunthu.

Za maswiti zinasanduka masewera a mphaka ndi khoswe. Ndinabisa m'chipewa, anapeza. Ndinabisa m'bowo la buloko pakhoma limene ndinkamanga, anabwera ndi levulo ngati akuyeza khoma, nkutulutsa. Ndinasokerera m'mphepete mwa ovolosi, anandisisita ngati wapolisi. Matumba a jekete lija anafufuma, moti akamayenda ankamveka tswatswatswa. Nthawi zambiri ndinkatsalabe ndi imodzi kapena ziwiri pamalo pena, ndipo chakudya sichinkakhala patali, ndiye ndinkangoseka nazo.

Ndinasiya kuseka tsiku limene tinatumizidwa kukamanga makalasi kumudzi wina wa kutali, kumadzulo, kumene msewu ndi mchenga wokhawokha. Malole anali awiri. Yonyamula ufa, mapoto ndi ophika inatsogola mbandakucha. Yathu ya simenti inanyamuka pambuyo, titauzidwa kuti nkhomaliro tikaipeza yapsa. Ndinadzibaya jakisoni wanga wa masiku onse, nkudya buledi ndi tiyi. Pokwera lole amalume anandivula nsapato, napeza maswiti anga omaliza pansi pa chidendene.

Dzuwa lili pamutu lole inatitimira. Kabelo anaponda mafuta, matayala nkumangodzikumbira manda. Tinatsika, tinafosholo mchenga, tinadula zitsamba nkuyala pansi, tinakankha, koma osatheka. Kenako tinayamba kutsitsa matumba a simenti kuti lole ipepuke. Kumeneko kulibe nyumba, kulibe shopu, kulibe ngakhale mtengo wa zipatso, koma minga basi.

Ndinazimva zikubwera. Thukuta lozizira pamphumi, manja kunjenjemera, milomo kuchita dzanzi. Ndinafunsa anzanga ngati wina ali ndi kanthu kodya, koma zonse zinali zitapita ndi lole yoyamba. Ndinapita kwa amalume nkugwada pamchenga wotentha.

"Amalume, napapata, nipatseniko maswiti yabili chabe. Shuga yatsika."

"Yatsika? Si ndiye bwino? Nanga tifuna ikwere?"

"Nizafa, amalume."

"Uzafa ukadya. Imwa manzi, ukhale pa mthunzi."

Zotsatira zake ndimazikumbuka mwa apo ndi apo, zambiri anandiuza ndi Kabelo. Shuga akatsika kwambiri munthu umasanduka wina, waukali ndi wamwano ngati woledzera. Akuti ndinaimirira ndikudzandira, nkuloza amalume ndi chala, nkukuwa kuti, "Iwe Edisoni, leta maswiti yanga!" Limenelo ndi dzina lawo la paubwana, ngakhale akazi awo salitchula. A ku Malawi amene tinali nawo anagwira pakamwa. Amalume sanakwiye. Akuti nkhope yawo inangogwa, chifukwa anadziwa kuti mwana amene anamulera sangawaitane choncho ali bwinobwino. Kenako ndinagwa, ndipo anandigoneka pamthunzi wa lole.

Kabelo anathamanga kukatenga Madamu. Anati munthu akadwala amapatsidwa mankhwala ake, tsono amalume andibaye msanga. Amalume anafukuladi kabotolo, natenga jakisoni m'chikwama changa. Akanandibaya, bwenzi nkhani ino akukuuzani ndi wina. Mwayi wanga unali woti mkulu ameneyu, amene amayenda pamwamba pa khoma osagwira kanthu, amaopa singano koopsa. Zaka zonse zija ndikamadzibaya ankatembenukira kukhoma nkumaimba nyimbo. Manja awo ananjenjemera mpaka jakisoni anagwera mumchenga, ndipo palibe wina analimba mtima kumutola.

Apo amalume anataya mtima. Anakhala pansi, naika mutu wanga pamiyendo pawo. Maso anga anali otsegula koma osaona bwino, ndipo pakamwa pankangotuluka mawu amodzi: maswiti, maswiti.

Kwathu munthu amene akutsirizika samanidwa chimene wapempha. Akafuna nyama ya nkhuku, nkhuku imaphedwa ngakhale adye kachidutswa kokha. Pamaliro akuluakulu amafunsa amene analipo kuti, "Anapempha chiyani pomaliza? Munamupatsa?" Woyankha kuti ayi amayenda ndi manyazi moyo wake wonse. Amalume anaganiza za funso limenelo. Anaona kuti lonjezo lobweza mwana wamoyo lalephereka kale, ndiye bola mwanayo apite wokondwa.

Anapisa m'thumba la Joyce lija. Anasenda switi, naiphwanya ndi mano, nkundiika zidutswa m'tsaya. Ndinamumunya nkumeza. Anasenda ina, kenako ina, misozi ili chuchuchu, akukhulupirira ndi mtima wonse kuti akundithira poizoni ndi dzanja lawo.

"Idya mphwanga, idya," ankatero. "Uyende bwino. Ukafika ukaposhe atate ako. Ukawauze kuti nyumba tinaika malata."

Chimene ndikukumbuka bwino ndi ichi: ndinaona chitsulo cha pansi pa lole, ndinamva kutsekemera m'kamwa, ndipo pamwamba panga amuna akuluakulu atavula zipewa ankaimba nyimbo ya maliro, aliyense m'chilankhulo chake.

"Amalume," ndinatero, "muli nayo inangu?"

"Yaliko yambiri, mwana wanga. Siliza yonse. Kwamene uyenda kulibe shopu."

Ndinadya ina iwiri, ndinapempha madzi, kenako ndinadzuka nkukhala tsonga. Nyimbo inadukira pakati. Kabelo anabwerera m'mbuyo mpaka kugwera pa thumba la simenti. Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali, nkhope yonse ili mamina ndi mchenga.

"Manje iwe," anatero, "ufa kapena siufa?"

"Sinifa, amalume. Nimvera chabe njala."

Madzulo lole yoyamba inabwerera kudzatifuna, nkutikoka. M'mawa mwake ndinawatengera amalume ku kiliniki ya m'mudzimo, ndipo nesi anawafotokozera zonse zimene amayi anaphonya chifukwa cha phala, Kabelo akumasulira. Amalume anamvetsera chipewa chili m'manja. Pomaliza anafunsa kuti, "Nanga sembe ninamulasa nyeleti ija?" Nesi anangopukusa mutu pang'onopang'ono. Amalume anatuluka nkukakhala kuseri kwa thanki ya madzi. Ndinawasiya kanthawi, kenako ndinapita kukakhala nawo. Ndinawamvera chisoni kwambiri kuposa mmene ndinadzimvera ndekha dzulo lake, chifukwa munthuyu sanalakwe china koma kusunga mawu a mlongo wake.

Kuyambira tsiku limenelo vuto linatembenuka. Ndikangoyasamula, switi ili kale pamlomo. Ndikapukuta thukuta, amalume atsika pakhoma akusenda kapepala. Ndinkachita kuwathawa, nkumawauza kuti shuga akakwera kwambiri ndi vutonso, maswiti ndi a pangozi pokha. Anamvetsa, koma thumba sanalole kuti likhale lopanda kanthu. Tsono kutentha kwa ku Botswana kumasungunula maswiti, ndipo kutaya chakudya ndi tchimo. Sabata iliyonse ankagula atsopano, akale nkudya okha. Munthu amene anakana mowa ndi fodya moyo wake wonse anapeza chake chomukola ali ndi imvi. Dzino loyamba linazulidwa ku Francistown, ndipo Joyce sanalandire ngakhale imodzi.

Titabwerera kwathu patapita zaka, ndinapeza zambiri zasintha. Mlongo wanga anali atakwatiwa ndi kondakitala wa minibasi wopemphera mofuula, ana amene ndinawasiya akukwawa ankandithawa, ndipo amayi anali atayamba kuyenda chowerama. Koma tiyi anali yemwe uja wosatsekemera. Ngakhale ine kulibe, amayi sanalole shuga m'nyumba, ati kuti a pabanjapo asazolowere. Mlamu wanga watsopanoyo ankamwa akukwinya nkhope.

Amayi anandigwira manja, mapewa ndi masaya, kuona ngati ndabwera yense. Kenako anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Atake Joyce, mwachita bwino. Munasunga mawu yanga?"

Amalume amaopa amayi kuposa singano. Anayang'ana kwa ine, ine ndinayang'ana nkhuku. Anatsika pampando nkukhala pansi, nafotokoza zonse: mchenga, dzina lija la Edisoni, jakisoni wogwera pansi, nyimbo ya maliro, ndi mawu a nesi. Abale ena anaseka mpaka kugwira nthiti. Amayi sanaseke.

"Ndiye yaja ninataya mu chimbuzi," anatero pang'onopang'ono, "yanali moyo wako?"

"Munali kunikonda chabe, amayi."

"Ninali kukukonda, inde. Sembe ninakupaya na chikondi chamene icho."

M'mawa mwake tinadzuka amayi kulibe. Anabwera dzuwa litakwera, atayenda wapansi mpaka ku shopu ya pa mphambano, atanyamula paketi ya shuga pamutu. Anaiika patebulo poyera, mlamu wanga nkufuula aleluya. Kenako anakhala pamphasa, namasula mfundo ya pakona ya chitenje pamene amamangapo ndalama, naikapo maswiti awiri nkumanganso zolimba.

Mfundo imeneyo ilipo mpaka lero. Amayi akalamba, maso ayamba kuchita khungu, koma ndikabwera kuchokera kumunda amandiitana, nandigwira pamphumi kuti amve ngati thukuta ndi lozizira, dzanja linalo lili kale pamfundo. Adzukulu amadziwa kuti pamenepo sapemphapo. Amene samva ndi amalume okha. Tsiku lina ndinawaona akusendera pafupi, akumwetulira ndi nkhama zawo, dzanja litatambasuka.

Amayi analimenya dzanjalo. "Chokani apa, imwe munadya kale yanu. Aya ni ya mwana wanga."

Mwana wakeyo ndine, wa imvi mutu wonse.